Funsani Aphunzitsi: Chisipika cha m'damu ndi nsomba zosamva

Makalata ambiri a mwezi uno anali a fetereza ndi a mayeso, ndipo amenewo ndawasiyira anzanga odziwa. Ine ndatolapo atatu a zam'madzi. Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko kuno ku Kasungu, mutu wa mafunde ndi umene ana ankawodzera nawo kwambiri, makamaka ukagwera nthawi ya masana. Lero ndi makolo awo amene akundifunsa.

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mlembi wa kalabu ya alimi a nsomba. Tinapatsidwa damu lakale la esiteti ya fodya, pakuya penipeni ndi mamita 2. Mphwanga wa ku Johannesburg ananditumizira vidiyo pa WhatsApp yoonetsa anthu akumiza masipika mumtsinje, nsomba n'kumakhotera mbali imodzi ngati ng'ombe zopita kudibi. Ife tinati tichite zomwezo kuti tsiku lokolola nsomba zizithawira kukhoka, komanso kuti katumbu atisiye. Tinabwereka chisipika cha besi kwa mnyamata woimbitsa pa maukwati, tinachikulunga m'majumbo, n'kuchimiza. Tinakweza mpaka pothera. Nsomba sizinasunthe, chisipika chinamwa madzi, pano tili pa ngongole. Talakwa pati? Mlembi wa kalabu, Santhe

YANKHO: Bambo mlembi, pepani ndi ngongoleyo, ndipo thokozani kuti palibe amene anagwidwa ndi magetsi. Waya wa jenereta ndi madzi oti anthu aimamo sizikhalira limodzi. Musadzabwerezenso.

Zida zokhotetsa nsomba ndi phokoso zilipodi. Ku Belgium, pa siteshoni ya magetsi ya Doel pamtsinje wa Scheldt, mu 1997 anamiza masipika 20 pamalo pamene mapampu amakokera madzi oziziritsira makina, ndipo nsomba zoyamwidwa ndi mapampuwo zinachepa ndi pafupifupi 60 pa 100 zilizonse. Ku America, pa damu la Barkley ku Kentucky, mu 2019 anatchingira nsomba zosafunika za mtundu wa carp ndi mpanda wa phokoso, thovu ndi nyali. Koma gwirani chiwerengero chija: masipika 20. Inu munamiza imodzi, ndiponso ya besi, m'madzi ofika munthu wamtali pamwamba pa mutu chabe.

Tiyambe ndi besiyo. Mawu ndi kukankhana: chinthu chikanjenjemera chimakankha madzi oyandikana nacho, amenewo n'kukankha anzawo, mpaka kutali. M'madzi a m'damu kukankhanaku kumayenda mamita pafupifupi 1,480 pa sekondi. Funde lililonse lili ndi kutalika kwake. Besi imene imagwedeza pamtima paukwati ija imanjenjemera mwina ka 50 pa sekondi, ndiye funde lake limodzi m'madzi limatalika mamita pafupifupi 30. Damu lanu ndi mamita 2. Mukufuna kulowetsa ngolo pakhomo la nkhokwe.

Lamulo lake ndi losavuta kuwerengera ngakhale ndi chala padothi. Tengani kuya kwa madzi, chulukitsani ka 4. Funde lotalika kuposa pamenepo siliyenda, limafera pomwepo pafupi ndi sipika. Kwa inu 2 kuchulukitsa ka 4 ndi mamita 8, kutanthauza kuti mawu onse onjenjemera mochepera ka 185 pa sekondi atsekeredwa. Chiwerengero chimenechi ndi cha damu la pansi pouma gwa ngati thanthwe. Lanulo pansi pake ndi matope odzaza mpweya wa masamba owola ndi manyowa amene mumathira nokha kuti madzi abiriwire, ndipo matope otere amatha kukweza malirewo kufika cha pa 370. Masamu a zimenezi anawalongosola bwino ndi Chaim Pekeris mu 1948, powerenga momwe phokoso la mabomba ophulitsidwa m'nyanja limayendera m'madzi osaya. Choncho mphamvu yonse ya ampulifaya ija munaiwononga pa mawu okhawo amene damu lanu silingathe kunyamula.

Za chisipikacho sindichedwapo. Anachipangira mpweya, pamene madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800. Chipepala chake chikati chikankhe madzi chimakhala ngati mwana akukankha lole. Majumbo aja anawonjezera vuto, chifukwa mpweya wotsekeredwa m'katimo ndi khoma kwa mawu. Chida chenicheni cha ntchitoyi amachitcha transducer, ndipo chimagwira uku ndi uku: ukachipatsa magetsi chimanjenjemera, mawu akachigunda chimatulutsa magetsi. Zambiri zimadalira khalidwe limene abale awiri, Pierre ndi Jacques Curie, anatulukira mu 1880, lakuti mwala wa quartz ukaufinya umatulutsa magetsi. Paul Langevin wa ku France ndiye anaumangirira mwalawu pakati pa zitsulo mu 1917, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili m'kati, pofuna kusakira sitima zoyenda pansi pa madzi. Kachitsulo kothetheka kamene kali mu laita yodina ija ndi ka banja lomweli.

Tsono tinene kuti mwapeza transducer yabwino, mawu akenso ndi oyenera kuya kwa damu. Mavuto sanathe. Pamwamba pa madzi ndi kalilole wa mawu: akafikapo amabwerera pansi pafupifupi onse. Pansi napo pamabweza ena, ena n'kuwameza. Ndiye mawu ochoka pamalo amodzi amakafika kwa nsomba podzera njira zambirimbiri, ina yolunjika, ina yogunda pamwamba kamodzi, ina yogunda pansi ndi pamwamba kasanu. Pamene mafundewo akumana onse akukankha, phokoso limakula. Pamene ena akukankha ena akukoka, amafafanizana, pamakhala zii. Damu lonse limasanduka lamawangamawanga ngati nkhanga. Mukuidziwa netiweki ya foni kumudzi: pachulu ilipo, kukhitchini kulibe, pansi pa mtengo wa mango yabweranso. Nsomba siifunika kuthawira kukhoka kwanu. Ingosuntha mita imodzi, yapeza pachete. Mukakweza voliyumu mawanga aja sachoka pamalo pake.

Apa ndi pamene pamalowera nzeru ya ma transducer ambiri oikidwa pamzere, imene akatswiri amaitcha array. Mutha kuiona ndi maso mawa m'mamawa mphepo isanayambe. Tengani ana 10, aime m'mbali mwa damu motalikirana mofanana, aliyense ndi kamwala m'manja. Mwana mmodzi akagwetsa kake, mafunde amapita mbali zonse mozungulira. Onse akagwetsa nthawi imodzi, timizere tozungulira tija timalumikizana n'kupanga funde limodzi loongoka lolunjika kutsidya, pamene cham'mbali timafafanizana. Kenako auzeni agwetse motsatana mwachangu, kuyambira wakumanzere kutsirizira wakumanja. Funde lija lituluka mopendekera kumanja. Palibe mwana amene wasuntha phazi, koma funde mwalikhotetsa. Chimene chasintha ndi nthawi yokha.

Kompyuta imachita zomwezo ndi magetsi. Ndikupatseni manambala kuti muone kukula kwa ntchito. Mawu onjenjemera ka 500 pa sekondi ali ndi funde la mamita pafupifupi 3. Ma transducer ayenera kutalikirana theka la funde, mita imodzi ndi theka, apo ayi mawu amatulukiranso mbali zina zimene simunawatume. Mukaika 10, mzere wanu watalika mamita oposa 13. Kuti mukhotetse mawuwo madigiri 30, transducer iliyonse ichedwe pambuyo pa inzake ndi theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Amayi atatu osinja mumtondo umodzi misi yawo siigundana chifukwa aliyense akudziwa nthawi yake, koma apa nthawiyo ndi yaing'ono kwambiri moti dzanja la munthu silingaisunge.

M'madzi osaya, mzere wina amauimika choimirira, kuchokera pafupi ndi pamwamba kufika pansi. Chifukwa chake n'chakuti madzi osaya salola mawu kuyenda mwachisawawa. Ali ndi mayendedwe owerengeka, ndipo lililonse lili ndi pokulira ndi pochepera pake. Kayendedwe koyamba kamakhala kamphamvu cham'katikati mwa madzi, kofooka pamwamba, ndipo kamangokhudza pansi mopepuka, choncho kamafika kutali. Mayendedwe enawo amagunda pansi mwamphamvu kawirikawiri, matope n'kuwadya msanga. Ukapatsa transducer iliyonse pamzerewo mphamvu yolingana ndi kayendedwe koyambako, zapakati zambiri, zam'mwamba pang'ono, mawu amayenda m'njira imodzi yokha ndipo mawanga aja amazimiririka. Chovuta n'chakuti madzi sakhazikika. Dzuwa likatenthetsa pamwamba liwiro la mawu limasintha, mphepo ikawomba kalilole uja amakwinyika, mu Okutobala damu limaphwa. Ndiye amaikanso mzere wina womvetsera patsogolo, wouza kompyuta kuti ikonze nthawi ndi mphamvu mosalekeza.

Kodi kalabu yanu igule zimenezi? Ayi. Ndikunena mosapsatira. Ngakhale mutapatsidwa mwaulere, makumba ndi chilunguni amene mukuweta ndi nsomba za makutu olemera, zimamva makamaka mawu ochepera ka 1,000 pa sekondi. Mlamba ndi matemba amamva bwino kuposa pamenepo chifukwa ali ndi timafupa tolumikiza kathumba kawo ka mpweya ndi khutu, timene Ernst Weber anatifotokoza mu 1820. Ku Doel komwe kuja, nsomba za makutu akuthwa ndi zimene zinathawa kwambiri, zina zinkangodutsa. Komanso nsomba za m'damu lotsekeka zilibe kothawira, ndiye phokoso zimalizolowera monga amachitira anthu oyandikana ndi chigayo. Katumbu naye chimodzimodzi. Ameneyo mulimbane naye ndi waya, galu, ndi kutchetcha tchire la m'mbali mwa damu.

Pothamangitsa nsomba, asodzi a ku Mangochi ali ndi njira yakale ya chiombera, kumenya madzi ndi mitengo kuti nsomba zikakodwe muukonde. Anyamata 10 oyenda pamzere akumenya madzi achita zambiri kuposa chisipika chija. Koma ine ndikadakhala inu ndikadasiya kuthamangitsa, n'kuyamba kuitana. Mu 1923 Karl von Frisch anaphunzitsa nsomba ya banja la mlamba kutuluka pobisala pake ikamva iye akuimba mluzu, poipatsa chakudya nthawi iliyonse akaimba. Pezani paipi yachitsulo kapena khasu lakutha, mizani mbali imodzi m'madzi pakona pamene mumakokera khoka. Nthawi iliyonse yothira madeya, menyani chitsulocho kaye, pamalo omwewo, ola lomwelo, kamenyedwe komweko. Kulira kwa chitsulo n'kokwera, damu lanu likunyamula bwinobwino. Pitirizani milungu ingapo osadumphitsa tsiku, ndipo dzulo lake la tsiku lokolola musazidyetse.

FUNSO: Agogo, ndili Fomu 4. Buku likuti mawu amathamanga kwambiri m'madzi kuposa mumpweya. Nanga bwanji ndikamira posambira mu Bua sindimva amayi akundiitana kumtunda? Ndipo mnzanga akagundanitsa miyala pansi pa madzi ndimamva ndithu, koma sindidziwa kuti ali mbali iti. Mtsikana wa ku Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Mwanawe, choyamba, Bua ali ndi ng'ona, ndiye mwina amayi akowo akuitanira zomwezo. Tuluka ukamve.

Buku silikunama. Mumpweya mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, m'madzi kuposa pamenepo kanayi ndi pang'ono. Anayeza zimenezi ndi Daniel Colladon ndi Charles Sturm mu 1826 pa nyanja ya Geneva. Bwato lina linali ndi belu lomizidwa, ndipo nyundo yomenya belulo inkayatsanso wonga nthawi yomweyo. Colladon anali m'bwato lina pa mtunda woposa makilomita 13, khutu lili pa chipaipi choviikidwa m'madzi. Akaona kung'anima ankayamba kuwerenga nthawi, ndipo belu linkamveka patapita masekondi 9 ndi pang'ono. Anapeza mamita 1,435 pa sekondi m'madzi ozizira aja. Ukayankha mayeso, kumbukira kuti madzi akafunda liwiro limakwera.

Koma kuthamanga ndi nkhani ina, kulowa ndi nkhani inanso. Mawu a amayi ako akafika pamwamba pa madzi, mwa magawo 1,000 a mphamvu yake limalowa ndi pafupifupi limodzi lokha, ena onse amabwerera m'mwamba. N'chifukwa chake amayi oyembekezera akapita kukajambulidwa sikani, adokotala amayamba awapaka mafuta oterera aja pamimba. Si mankhwala ayi, ndi othamangitsira mpweya pakati pa chida ndi khungu. Chida chimene amayendetsa pamimbacho nacho ndi mzere wa timatransducer, nthawi zambiri 128 kapena kuposa, towombera motsatana ngati ana a miyala amene ndawauza bambo a ku Santhe aja.

Funso lako lachiwiri ndi limene landisangalatsa. Makutu ako awiri ndi mzere womvetsera waung'ono. Mawu ochokera kumanja amafika kukhutu lakumanja kaye, ndipo ubongo umayeza kachedwedwe kameneko n'kukuuza mbali. M'madzi mawu amafulumira kanayi, kachedwedweko kamachepa kanayi, ndiponso amalowera m'mafupa a mutu n'kufika makutu onse pafupifupi limodzi. Ubongo umasowa choyeza. Akatswiri amathetsa vutoli potalikitsa makutu: zomvetsera zambiri pa chingwe chachitali, kompyuta n'kumayerekezera nthawi imene mawu afikira chilichonse.

Pali chinthu china chimene amachita ndi mzere wotere chimene ndinkalakalaka chikadakhala mu silabasi. Mawu afupi akawombedwa kutali m'madzi osaya, amafika pamzere atamwazikana: odzera njira yolunjika amayamba, ogundagunda pansi ndi pamwamba amabwera m'mbuyo. Transducer iliyonse imajambula zimene yamva. Kenako kompyuta imatembenuza chojambulacho kuti chomaliza chikhale choyamba, n'kuchiwomba kuchokera pamzere womwewo. Taganiza anthu a ku Mkanda, a ku Kapiri ndi a ku Waliranji atapangana kukumana pa boma la Mchinji 10 koloko: wakutali anyamuke m'mamawa, wapafupi achedweko, onse akafika limodzi. Mawu aja nawo amabwerera m'njira zimene anadzera, oyenda njira yaitali atanyamuka poyamba, ndipo amakakumana onse nthawi imodzi pamalo enieni pamene anachokera. Mathias Fink wa ku Paris anaikulitsa njirayi m'chipinda chofufuzira. Mu Epulo 1996 William Kuperman wa ku Scripps Institution of Oceanography, malo ofufuzira za m'nyanja ku America, ndi anzake anakaiyesa panyanja kumadzulo kwa Italy, ndi ma transducer 20 oimikidwa m'madzi akuya mamita pafupifupi 125, mawu onjenjemera ka 445 pa sekondi. Mawuwo anakasonkhana pamalo pake pa mtunda wa makilomita 6.3, ndipo mu 1997 anafikitsa makilomita 30. Usadabwe kuti mamita 125 akuwatcha osaya, kwa anthu a panyanja zikuluzikulu ndi momwemo. Chokoma chake n'chakuti kompyuta siifunika kuuzidwa za matope kapena miyala ya pansi, ndipo kugundagunda kuja, kumene kumasokoneza sipika imodzi, apa kumathandiza kuti mawu asonkhane pamalo aang'ono kwambiri.

Ngati ukufuna ntchito ya ku kalabu ya sayansi, chotsa kambale kamkuwa kolira kamene kamakhala mu wotchi ya alamu yakufa, lumikiza mawaya awiri, mata bwino ndi guluu kuti madzi asalowe, ndipo ukalumikize polowera maikolofoni pa kasipika ka batire. Ine ndinachitapo ndi ana anga a Fomu 3, titamangirira kunsungwi padziwe la kudambo. Tinamva tizilombo tikuthetheka ngati nyemba pamoto, mpaka mwana wina anaponya nsungwiyo n'kuthawa.

FUNSO: Achimwene, gulu lathu la ulimi wothirira linabwereka kamakina koyezera kuya kwa madzi kuti tidziwe matope amene adzaza m'damu lathu. Pagalasi pake pakuoneka pansi pawiri, pena pa mamita 2 penanso pa mamita 4. Penipeni ndi pati? Komanso anatiuza kuti kamaonetsa nsomba, ife sitinaonepo ngakhale imodzi. Wapampando, Chamama

YANKHO: A wapampando, khulupirirani mamita 2. Kamakinako, echo sounder, kamatumiza kaphokoso pansi n'kuwerenga nthawi imene katenge kubwerera. Pa mamita 2 ulendo wonse sukwana magawo atatu mwa magawo 1,000 a sekondi. Kaphokosoko kakabwera kamagunda pamwamba pa madzi, n'kutsikanso, n'kubweranso kachiwiri, ndiye makina amajambula pansi pena pa kuya kowirikiza kawiri ndendende. Pansi pachiwiripo musapanyoze: pakaoneka mowala ndiye kuti pamenepo ndi pouma, mchenga kapena mwala, pakazimiririka mwafika pa matope ofewa. Kwa inu ofuna matope, chimenecho ndiye chizindikiro chothandiza.

Nsomba simukuziona chifukwa transducer yake ndi imodzi, yoyang'ana pansi ngati tochi. Zambiri zimawomba mawu onjenjemera ka 200,000 pa sekondi, otambasuka madigiri 20, ndipo pa mamita 2 zimaona malo a masentimita 70 okha, kukula ngati lichero. Bwato lisanafike nsomba zapatuka kale. Pa nyanja ya Malawi, imene pena imazama mamita pafupifupi 700, lichero limenelo limakula kwambiri, moti makina amaona magulu a usipa, ngakhalenso mphutsi za nkhungu, chifukwa nazo zili ndi timatumba ta mpweya.

Musananyamuke m'mawa uliwonse, imitsani bwato pamalo amodzi, mizani nsungwi yolembedwa masentimita, muyerekezere ndi zimene makina akunena. Kenako kankhani nsungwiyo mwamphamvu mpaka itakana kulowa. Kusiyana kwa pamene inayamba kukhudza ndi pamene yakanira ndiko kuchindikala kwa matope anu pamalopo. Chitani zimenezi pamizere yodutsa damu, mamita 10 aliwonse, wina azilemba m'kope, ndipo mukhomere chikhomo m'mbali chosonyeza pamene madzi analekezera tsikulo kuti chaka chamawa mudzakhale ndi poyerekezera.